Anthu Okalamba Msanga a ku Chibwata

Ana anga, za kwathu ku Ntcheu ndi za sukulu mumazidziwa kale, ndipo azakhali anu amazifotokoza mokometsera kuposa ine. Pano ndikufuna ndikusiyireni nkhani ya ntchito imene inandidyera zaka zanga zamphamvu, ndi chifukwa chake munakulira ku Karonga mpaka Chitumbuka chinkakutulukani mkamwa msanga kuposa chilankhulo cha makolo anu. Tamandani wakhala akundifunsa kuti tinalakwanji kuti atitumize ku Songwe. Masiku amenewo mwana sunkamuuza zinthu zotere, poopa kuti akazitchula kusukulu. Tsopano ndapuma ntchito, ndipo palibenso woti ndimuope.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970

Nditabwera kuchokera kunja kumene ndinakaphunzira udokotala, ndinkayembekeza kuti andiika ku Blantyre kapena ku Zomba. Bwana wa kulikulu anayang'ana tsitsi langa, n'kundiuza kuti ndikamete kaye, kenako anati, "Ku Karonga kukufunika munthu." Mayi anu anali oyembekezera, mimba yake ya Tamandani. Tinakwera sitima ya pamadzi ndi matiresi, makina osokera ndi bokosi la mabuku. Tinatsikira ku Chilumba, ndipo lole ya simenti inatigwedeza kudutsa pa Ngara ndi Mwenilondo mpaka kukafika paboma tili mbuu. Mayi anu atatsika anandifunsa ngati kutentha kumeneko kunali kwa tsiku lokhalo. Woyendetsa lole anaseka, n'kuti, "Mama, ino ndiye nyengo yozizira."

Pachipatala ndinapeza dokotala mmodzi yekha, Dokotala Pilayi, wa ku India, amene anabwera pa kontirakiti. Anali wamfupi, wosachedwa kupsa mtima, koma manja ake pa opaleshoni anali odekha zedi. Zosowa zinali zambiri. Magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe ngati matewera, masingano a jakisoni ankanoledwa pamwala akabuntha, ndipo mafilimu a ekisire iye ankawatsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira m'khosi. Ankakonda kundiuza kuti, "Kuno chida chachikulu ndi maso ako. Ukawononga filimu pa munthu amene ukanamudziwa ndi maso, wamubera wina wothyoka mwendo."

Tsiku lina m'nyengo yokolola mpunga anabweretsa munthu pangolo. Anatsika movutikira, atapindika ngati chikwakwa, ndodo ili m'manja. Khosi lake silinkatembenuka. Kuti andione nkhope ankayenera kupotoza thupi lonse chammbali.

"Monire agogo," ndinatero, poti moni ndi Chitumbuka chokha chimene ndinali nditagwira.

Munthu uja anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo ake ati, dada? Mwana wanga woyamba sanayambe n'komwe sukulu."

Dzina lake anali Yotamu Msiska, wa m'mudzi wa Chibwata, kumtunda kwa Ngara m'munsi mwa mapiri. Kale anali msodzi, koma tsopano ankangosoka maukonde a anzake. Nditamufunsa chaka chimene anabadwa, anati amayi ake ankamuuza kuti anali kubere pamene abambo ake anatengedwa kupita ku nkhondo yachiwiri ya azungu. Cholembera chinaima m'manja mwanga, chifukwa amayi anga ankanena zomwezo za ine. Munthu amene ndinamutcha agogo anali msinkhu wanga.

"Msanawu unayamba liti?" ndinafunsa.

"Ine ndabwerera chifuwa, adokotala. Msana si matenda yayi. Kwathu ndi mmene tilili. Munthu ukakwatira, kubereka ana awiri atatu, mbwenu msana wayamba. Ni uchekuru waka." Ankatanthauza kuti ndi ukalamba chabe.

Anamwino anandiuza kuti aliyense ankadziwa zoti a ku Chibwata amakalamba msanga. Ena ankati ndi mtundu wawo, ena ankati ndi ufiti, ndipo pachipatala ankangolemba kuti nyamakazi n'kuwapatsa asipulini. Ndinakapempha filimu imodzi kwa Dokotala Pilayi. Anakana kawiri. Kachitatu ndinamukumbutsa kuti munthuyo akutsokomola ndipo chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, ndiye anamasula kiyi akung'ung'udza. Mapapo anali abwino. Koma nthiti ndi mafupa a msana zinatuluka zoyera mbee ngati choko, ndipo mfundo za msana zinali zitamatirirana ngati ndodo imodzi. Dokotala Pilayi anaima pawindo ndi filimuyo nthawi yaitali. Kenako anapita kwa Yotamu, n'kumuyasamitsa. Mano ake anali amathothomathotho ofiirira ngati dzimbiri.

"Mufunse kumene amamwa madzi," anatero motsitsa mawu, kupsa mtima konse kutatha. "Izi ndinaziona kwathu ndili wophunzira. Pali mchere wina wa m'miyala, fuloraidi. Ukakhala wochepa umalimbitsa mano. Ukachuluka, munthu n'kumamwa kuyambira ali mwana, umalowa m'mafupa pang'onopang'ono mpaka kumuumitsa. Munthuyu sanakalambe. Madzi ndi amene amukalambitsa."

Chapakati pa zaka za m'ma 1970

Kuyambira pamenepo Loweruka langa linakhala la ku Chibwata. Ndinkapita pa njinga yamoto ya chipatala mafuta akapezeka; akasowa ndinkakwera lole mpaka pa Ngara, n'kuyenda wapansi. Pofika unkayamba kwa tcheyamani wa nthambi ya chipani, kuonetsa khadi ndi kufotokoza chimene wadzera. Poyamba anthu ankandizemba, poganiza kuti munthu wa kumwera wofunsa mafunso ambiri chonchi watumidwa ndi boma. Yotamu ndiye anandikonzera njira. Ankakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango ndi ukonde pamiyendo, n'kumaitana anthu mmodzimmodzi. "Zani kuno! Uyu ndi mnzanga, tinabadwa chaka chimodzi. Muoneni mmene waimira ngati mlongoti, ndiye mundione ine. Mumulole ayang'ane."

Kasupe wawo anali wokongola, ndisanabise. Madzi ankatuluka pansi pa thanthwe ali ofunda, m'mwezi wa Juni akufuka nthunzi, oyera oti ukaponyamo singano uiona. Amayi ankatunga madzulo n'kuwasiya m'mitsuko kuti azizire. Anthu ankanyadira kasupeyo, ankati ana a ku Chibwata safa ndi kutsegula m'mimba ngati a kunyanja, ndipo zinali zoona. M'dziko lotentha chonchija munthu amamwa madzi ambiri, ndiye mchere uja unkalowanso wambiri. Kuwiritsa sikukanathandiza, chifukwa madzi akamaphwera pamoto mcherewo umatsala.

Ntchito yanga inali yosavuta kuifotokoza koma yochedwa. Ndinkayang'ana mano a ana a sukulu, kupempha akuluakulu kuti awerame kapena agunditse chibwano pachifuwa, ndi kufunsa aliyense kumene ankamwa ali mwana. Amayi okwatiwa kuchokera kumidzi ina anali ndi mano oyera, ndipo msana unkawapeza mochedwa. Obadwira pomwepo onse anali ndi mano adzimbiri. Chimene chinanditsimikizira kwambiri chinali mkulu wake wa Yotamu, amene anatengedwa ali wamng'ono kukakulira kwa amalume awo ku Mwenilondo. Tsiku limene anabwera kudzacheza atakwera njinga, mlendo akanati mwana wabwera kudzaona bambo ake, chikhalirecho wa panjingayo ndiye anali wamkulu.

Kuti ndikhale ndi umboni, madziwo ankayenera kukayezedwa kumwera. Ndinkawathira m'mabotolo a diripi otha ntchito, n'kutumiza pa sitima. Oyamba anasweka m'njira. Achiwiri sindikudziwa kumene anathera. Achitatu anafika, ndipo yankho linabwera dzinja litatha: fuloraidi anali wochuluka kupitirira kwambiri mlingo woyenera madzi akumwa. Nthawi imeneyo kontirakiti ya Dokotala Pilayi inali itatha. Tsiku lonyamuka anandiveka kiyi wa kabati uja m'khosi, n'kunena kuti, "Ine ndili ndi kwathu kothawira. Iwe kwanu ndi konkuno. Zimene wapezazi ndi zoona, koma uziyang'ana kaye amene ali m'chipinda usanazinene."

Ndinatsala dokotala ndekha m'boma lonse. Kenako kunabwera kolera.

Chaka cha mapaipi

Za kolera sindikonda kuzikumbukira. Odwala tinkawagoneka pansi m'makalasi a sukulu, mabotolo a diripi titawapachika pamisomali. Midzi ya m'mbali mwa msewu pa Ngara, imene inkamwa m'nyanja ndi m'zithaphwi, inaika maliro motsatizana. Ku Chibwata matendawo sanakwereko.

Mmodzi mwa amene anataya ana anali a Mhango, tcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Anali mphunzitsi wopuma, wamtali, woyankhula pang'onopang'ono, ndipo anthu ankawaopa komanso kuwalemekeza. Mwana wawo womaliza anafera m'manja mwanga. Mliri utatha, a Mhango sanagone. Anayenda m'maofesi mpaka boma linapereka mapaipi, anthu n'kulonjeza kukumba ngalande okha, kuti madzi a ku Chibwata atsikire kusukulu, kumsika ndi kumidzi ya kumsewu. Pamene ndinkamva, makasu anali atayamba kale. Chotsala chinali chakuti pamsonkhano wa chitukuko wa paboma dokotala anene kuti madziwo ndi abwino.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinawafotokozera mayi anu zonse. Anali pamakina akusoka yunifolomu ya Tamandani, ndipo sanasiye kupalasa.

"Mukanena kuti ndi abwino chichitike n'chiyani?" anafunsa.

"Ana asiya kufa ndi m'mimba. Koma zaka zikubwerazo midzi yonse ija idzakhala ngati Chibwata."

"Nanga mukanena kuti ndi oipa?"

"Akhoza kunditenga, Nachisale. Ndipo mapaipi akhoza kuikidwabe."

Makina anaima. Anandiyang'ana, n'kuti, "Bambo a Tamandani, ine sindinaphunzire za mafupa. Koma ndakuonani mmene mumabwerera kuchokera kwa a Msiska, osadya. Mukakanena bodza mawa, munthu amene adzabwere m'nyumba muno sindidzamudziwa. Ingoyankhulani mwaulemu, ndipo musakapite ndi kukana kokha. Anthu aja aika ana awo."

Msonkhano unachitikira muholo ya paboma, a disii ali pampando, pambali pawo akuluakulu a chipani ndi a polisi. Nkhani ya mapaipi itafika, a disii anangoti, "Adokotala, tiuzeni kuti madzi ali bwino, tipitirire." Ndinaimirira. Ndinathokoza boma chifukwa cha mapaipi, monga ankayenera kuyambira aliyense. Kenako ndinati madziwo alibe tizilombo, ndi abwino kusamba ndi kuchapira, koma sindingathe kunena kuti ndi abwino kumwa, makamaka kwa ana. Ndinaonetsa filimu ya Yotamu pawindo. Ndinapempha kuti mapaipiwo akayambire pamtsinje wa m'phiri, kumtunda kwa kasupe, umene madzi ake ndinali nditawayezetsanso n'kupezeka abwino.

A Mhango anaimirira osafulumira. "Adokotala, kuphiri kumene mukunenako mapaipi athu safika n'theka lomwe. Tikadikira ena, padutsa madzinja angati? Ine mwana wanga ndamuika m'manda ndi manja awa, inu mukudziwa, munalipo. Lero mukundiuza za msana wa munthu amene adzapindike akadzakula. Mwana ayambe wakhala moyo, dada, kuti adzakhale ndi msana wopindikawo."

Mpaka lero mawu amenewo amandilasa. Ndinayamba kunena za kuwiritsa madzi a m'nyanja podikira, koma munthu wina wa chipani amene anachokera kuchigawo anandidula. "Tiuzeni bwinobwino. Mukuti boma likufuna kumwetsa anthu ake poizoni?"

A disii anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo. Ndinati, "Sindinatero, bwana. Boma likufuna kuthandiza. Koma mwandifunsa ngati dokotala, ndipo sindinganene kuti madzi aja ndi abwino kumwa."

Sabata yomweyo kunyumba kunabwera amuna awiri ovala wamba. Anandifunsa kuti kunja ndinkacheza ndi ndani, ndipo ndani anandituma kuyenda m'midzi. Atachoka, mayi anu anaika bulangete, sopo ndi juzi m'kachikwama, n'kukaika kuseri kwa chitseko, kuti akadzabweranso ndisadzapite chimanjamanja. Anzathu ena anasiya kutipatsa moni pamsika. Koma m'malo mwa galimoto ya polisi kunabwera uthenga wakuti ndasamutsidwira kukachipatala kakang'ono kufupi ndi mtsinje wa Songwe, kuti ndikayang'anire matenda olowa m'dziko kudzera m'malire. Aliyense anadziwa tanthauzo lake.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Songwe

Inu mumakumbukira Songwe ngati malo a nthochi ndi chambiko, kumene munaphunzira kupereka moni wakuti "ndagha" kwa aliyense wodutsa. Kwa ine poyamba kunali kowawa. Ndinali dokotala wopanda chipinda cha opaleshoni, wopanda magetsi, ndipo mtsinje ukasefukira tinkanyamula mankhwala pamutu kupita nawo pachulu. Tili konko tinamva kuti mapaipi a pa Ngara atsegulidwa ndi magule, ndipo patapita nthawi anamwino odutsa anandiuza kuti kutsegula m'mimba kwachepa kwambiri kumeneko. Ndinasangalala, komanso ndinadzifunsa kambirimbiri ngati a Mhango sanali olondola.

Komabe Songwe inandiphunzitsa zimene paboma sindikanaziona. Odwala anali ochepa, ndiye ndinali ndi mpata wokhala pansi ndi okalamba enieni: azibambo a imvi mutu wonse akuweta ng'ombe ali chilili, azimayi a zidzukulutudzi akuweramira m'minda ya mpunga tsiku lonse. Ndinayamba kufunsa funso limene ndinakhala nalo mpaka kupuma ntchito: pa zowawa zimene timati ndi ukalamba, ndi ziti zimene ndi ukalambadi, ndipo ndi ziti zimene munthu wazimwa kapena kuziponda m'madzi moyo wake wonse? Kumeneko ndi kumene ndinayamba kutsatira amuna amene ankakodza magazi ali anyamata chifukwa cha likodzo, n'kuona kuti ambiri atakula ankavutika ndi chikhodzodzo ndi impso. Amalonda owoloka pabwato ndi nsalu ndi shuga ankandiuza kuti kwawo kutsidya kulinso madera a anthu a mano ofiirira ndi misana youma. Ndinkawamvetsera mosamala, koma osalemba iwo akuona, chifukwa kucheza kwambiri ndi anthu a kutsidya kunalinso mlandu.

Yotamu anabwera kudzandiona kamodzi, atagona chammbali pamatumba a chinangwa m'lole. Anandiuza kuti ana ake wawatumiza kwa mkulu wake ku Mwenilondo. "Anthu akuti ndapenga, kutaya ana chifukwa cha mawu a munthu amene boma lamuthamangitsa. Ine ndawauza kuti boma silinagonepo ndi msana wanga."

Dokotala amene anandilowa m'malo paboma sanapirire kutentha. Atachoka, panalibe wina wovomera kubwera, ndiye anandibweza mwakachetechete, popanda wonena kuti ndakhululukidwa kapena kuti ndinalakwa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Tsiku lina masana, mzere wa odwala utatha, namwino anandinong'oneza kuti a tcheyamani ali panja. Ndinaimirira. A Mhango analowa atagwira dzanja kamtsikana ka yunifolomu, n'kutseka chitseko okha.

"Uyu ndi mdzukulu wanga Tiwonge," anatero. "Anali wakhanda chaka chimene tinatsegula mapaipi. Tiwonge, yasama, adokotala aone mano."

Mano ake akutsogolo, amene anali atangomera kumene, anali ndi mizere yoyera ngati choko ndi timadontho tofiirira.

"M'banja mwathu mano otere sanayambe aonekapo," anatero. "Ndapita kusukulu, ndayang'ana kalasi yake yonse. Ndi ambiri, dada." Kenako anati, "Ndiuzeni zoona monga munanenera tsiku lija. Msana wakenso?"

Ndinawauza kuti manowo sadzayeranso, koma mafupa amatenga zaka zambiri kuti aume. Mwanayo akasintha madzi tsopano, adzakula wowongoka ngati agogo ake. A Mhango anatulutsa mpweya, n'kupukuta kumaso ndi kampango.

"Ndikadabwerera m'mbuyo, mapaipi aja ndikadaikabe," anatero. "Theka la kalasi ija bwenzi kulibe."

"Ndikudziwa, a tcheyamani. Inenso ndikadanenabe zomwe ndinanena."

Anaseka pang'ono, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni. Pamenepo ndi pamene anandiuza kuti munthu wa kuchigawo uja ankafuna kuti nditsekeredwe, ndipo iwo ndi amene anapempha kuti andiponye ku Songwe. "Ndinawauza kuti munthu amene anagona pansi m'kalasi ndi ana athu nthawi ya kolera si mdani, ndi wamakani chabe."

Vuto linali lakuti mapaipi aja anatsegulidwa ndi nduna, ndiye palibe akanaimirira n'kunena kuti panalakwika. A Mhango anati zimenezo ndiwasiyire. Pamsonkhano wotsatira anaimirira n'kuyamikira boma kuti madzi a pa Ngara athandiza kwambiri moti anthu achuluka ndipo kasupe wachepa. Anapempha gawo lachiwiri la chitukuko: mapaipi ena okafika pamtsinje wa m'phiri, kuti akumwa azichokera kumeneko, a kasupe atsale osamba ndi kuchapira. Mawu akuti fuloraidi sanatchulidwe. A disii atandifunsa ngati madzi a m'phiri ndi abwino, ndinayankha liwu limodzi, ndipo anthu anaomba m'manja.

Mapaipi anachedwa chaka chathunthu, ndipo kukumba kunatenga zilimwe ziwiri chifukwa njira yake inali ya miyala. Podikira, aphunzitsi ankakinga madzi a mvula padenga la sukulu m'migolo kuti ana azimwa. Anthu a ku Chibwata ndi amene anavuta, poti ankati kasupe ndi wa makolo awo ndipo madzi a m'phiri sakoma. Yotamu ankauza anyamata kuti amukweze pangolo, n'kumayenda naye m'mbali mwa ngalande akuseka okumba. "Kumbani, ŵanyamata! Amene watopa abwere tisinthane msana!" Mpope woyamba wa madzi a m'phiri unaimikidwa pakati pa mudzi wawo. Dzina langa silinatchulidwe pa mwambo wotsegulira, ndipo sindinadandaule. Ndinaima kumbuyo ndi mayi anu, tikudya nzimbe.

Zaka zotsatira ndinapitiriza kuyeza zitsime ndi mijigo m'boma lonse, ndipo okumba mijigo anazolowera kunditumizira botolo asanaike pampu. Zimene ndinalemba sizinaloledwe kutuluka kunja kwa dziko nthawi imeneyo, koma madokotala achinyamata amene ankabwera kudzaphunzira ntchito ankaziwerenga. Mafunso ena sindinawamalize. Mpaka lero ndimakayikira kuti madzi amchere a m'zitsime zina ali ndi gawo pa kuthamanga kwa magazi kumene ndinkakuona mwa okalamba a kumeneko, koma umboni wokwanira sindinaupeze. Umenewo adzaupeza wina.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Yotamu anamwalira nditatsala pang'ono kuchoka ku Karonga. Zaka zake zomaliza sankadzukanso pamkeka, koma pakamwa pake sipanaume. Uthenga utandipeza ndinanyamuka m'mawa ndi mayi anu. A Mhango, amene anali atasiya za chipani, anali atafika kale, ndipo anandisungira malo pabenchi pambali pawo.

Tikudikira mwambo, ndinamva kukhoma kuseri kwa nyumba, ndiye ndinapita kukaona. Kalipentala wa m'mudzimo, a Gondwe, ankamaliza bokosi la maliro, mwana wawo wamwamuna wamkulu akuwagwirira matabwa. Bokosilo linali lachilendo: lalifupi, lotambalala, lakuya ngati mosungira chimanga. Ataona kuti ndadabwa, a Gondwe anaika hamala pansi.

"Simunalionepo, adokotala? Anthu a kuno sawongoka ngakhale atamwalira. Timawagoneka chammbali. Kapangidwe kameneka anandiphunzitsa adada, iwonso anaphunzira kwa adada awo. Kwina kulikonse kalipentala sakadziwa."

Anapukuta thukuta, n'kuloza mwana wawo ndi chibwano. "Uyu ndamuphunzitsa zitseko, mipando, mabokosi wamba. Ili lokha ndakhala ndikuzengereza. Inu ndinu mukudziwa za mafupa athu. Ndimuphunzitse?"

Ndinayang'ana kubwalo. Pamikeka panali okalamba opindika angapo, anzake a Yotamu, ndi ena a msinkhu wapakati amene makosi awo anali atayamba kale kuuma. Kumbuyo kwawo ana a sukulu ankathamangitsana kupita kukatunga madzi a anamfedwa.

"Muphunzitseni, a Gondwe," ndinatero. "Adzalifunabe kwa zaka zingapo. Koma mumuuze kuti iye asadzavutike kuphunzitsa mwana wake."

A Gondwe anatola hamala, n'kuipereka kwa mnyamatayo.

"Wamva? Gwira bwino, ukhome wekha. Ndiwe womaliza."